Zimene bwana amaona si zonse zimene wantchito amachita

Nthawi younika ntchito ikakwana, bwana amakhala pansi ndi mulu wa mafomu. Pafomu iliyonse pali dzina la wantchito, pansi pake mizere yonena za kusunga nthawi, luso, kugwirizana ndi anzake ndi kudzipereka, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse pali malo olembapo nambala kuyambira 1 mpaka 5. Manambala amenewa ndi amene amachititsa kuti munthu akwezedwe, awonjezeredwe malipiro, atumizidwe kumaphunziro, kapena auzidwe kuti ntchito yatha. Ife odzaza mafomuwa timakhulupirira ndi mtima wonse kuti nambala ikuchokera ku ntchito ya munthuyo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyang'anira anthu ndi kuwerenga mafomu odzazidwa ndi mabwana anzanga, chimene chimandisautsa n'chakuti gawo lalikulu la nambalayo limachokera mwa wolembayo: zimene maso ake anagwerapo, zimene wakumbukira, ndi mmene anazimasulira mumtima mwake.

Izi si zongoganizira. M'chaka cha 2000, akatswiri atatu, Steven Scullen, Michael Mount ndi Maynard Goff, anafalitsa kafukufuku wa mamanijala 4,492 amene anaunikidwa ndi mabwana awo, anzawo a mpando wofanana, ndi anthu amene iwo ankawayang'anira. Popeza munthu mmodzi ankalandira manambala kuchokera kwa anthu angapo, zinali zotheka kusiyanitsa chimene chikuchokera kwa wounikidwa ndi chimene chikuchokera kwa wounika. M'magulu awiri a kafukufukuyo, kusiyana kwa manambala kobwera chifukwa cha kaonedwe ka wounika kunali 62 peresenti ndi 53 peresenti. Kobwera chifukwa cha ntchito yeniyeni ya wounikidwa kunali 21 ndi 25 peresenti basi.

Sikuti mabwana ndi oipa mtima. Ambiri amafunitsitsa kuchita chilungamo. Vuto limayambira pa kuchepa kwa zimene amaona. Tengani pepala muwerengere nokha: pa maola 40 a sabata, ndi maola angati amene mumaona wantchito mmodzi akugwira ntchito yake? Ngati muli ndi anthu 12, kuphatikizapo misonkhano yanu, malipoti anu ndi mabwana anu akumwamba amene akukufunani, mupeza kuti ena simuwaona ngakhale ola limodzi lathunthu. Zimene zimakufikani ndi zidutswazidutswa: uyu wafika inu mutafika kale, uyu amayankhula pamsonkhano, uyu amayankha uthenga msanga, uyu mumamupeza akadali padesiki anzake ataweruka. Kuchokera pa zidutswa zimenezi mumapanga chithunzi cha munthu yense, ndipo mumayamba kumva ngati mumamudziwa bwino.

Koma ntchito yambiri yabwino ilibe phokoso. Kalaliki amene wagwira cholakwika pa invoisi isanatuluke, palibe angadziwe, chifukwa kasitomala sanadandaule. Makaniko amene amathira mafuta ndi kusintha zitsulo pa nthawi yake, makina ake safa, choncho dzina lake silimveka kuofesi. Mnzake amene amasiya makina mpaka afe, kenako n'kuchezera usiku wonse akukonza, ndiye amene amatchedwa wodzipereka, ndipo aliyense amakumbukira usiku umenewo. Kampani ya Ctrip ya ku China, yogulitsa matikiti ndi malo ogona kwa apaulendo, inayesa nkhani yofanana ndi iyi pamodzi ndi Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2015. Antchito oyankha mafoni ku Shanghai anagawidwa mochita maere, ena kuti azigwirira kunyumba, ena muofesi, kwa miyezi 9. Akunyumba aja anagwira ntchito yochuluka ndi 13 peresenti. Komabe mwayi wawo wokwezedwa, poyerekeza ndi anzawo ogwira ntchito pamlingo womwewo, unatsika pafupifupi ndi theka. Ntchito inalipo, koma mwini wake sankaoneka.

Chithunzi chija chikangopangika, chimafalikira pa mizere yonse ya fomu. Edward Thorndike anazilemba mu 1920 ataona mmene akuluakulu a asilikali a ku America ankaunikira asilikali awo pa maonekedwe a thupi, nzeru, utsogoleri ndi khalidwe. Msilikali amene wapeza nambala yapamwamba pa chimodzi ankapeza yapamwamba pa zonse, ndipo wotsika pa chimodzi ankatsika pa zonse, mopyola mmene zinthu zingakhalire pa munthu weniweni. Akatswiri amatcha zimenezi halo effect. Muofesi zimaoneka chonchi: wantchito wodziwa kuyankhula, wovala bwino, wosachita mantha pamaso pa akuluakulu, amapatsidwa 5 pa kusunga nthawi ndi 5 pa kulondola kwa ntchito, pamene bwanayo sanatsegule kaundula wa nthawi ngakhale kamodzi. Wina amene anakangana ndi bwana tsiku lina amapatsidwa 2 ngakhale pa luso limene aliyense amapita kwa iye kukafunsa.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchigwira. Yang'anani fomu imene mwadzaza. Ngati manambala onse ndi ofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi, kayikirani. Munthu weniweni amakhala ndi pamene ali wamphamvu ndi pamene ali wofooka. Chimene chimathandiza ndi kusintha kadzazidwe: musamalize fomu ya munthu mmodzi kenako n'kutenga ya wina. Tengani mzere umodzi, tinene kusunga nthawi, muunike anthu anu onse pa mzere umenewo muli ndi kaundula patsogolo panu. Mukamaliza, pitani pa mzere wachiwiri, ndipo yambirani pa munthu wina, osati yemwe uja munayambira poyamba. Kusintha woyambira kumathandizanso pa vuto lina: wantchito wapakatikati amaoneka wofooka mukamuunika mutangomaliza katswiri, ndipo amaoneka katswiri mukamuunika mutangomaliza wolephera.

Pamene mabwana ambiri amalakwira antchito kwambiri ndi pa kumasulira chifukwa chake chinthu chachitika. Ife tikachedwa, timadziwa chimene chatichedwetsa, ndipo timachitchula. Wantchito akachedwa, timaona munthu yekhayo, zomuzungulira sitiziona, ndiye timati ndi waulesi. Lee Ross anapatsa chizolowezi chimenechi dzina mu 1977, fundamental attribution error, ndipo palibe bwana amene sichimugwira, chifukwa mpando wa ubwana umakuika kutali ndi malo amene zovutazo zikuchitikira. Mawu ngati "watayirira", "alibe chidwi", "ndi wamwano" amamveka ngati zinthu zimene taona, pamene ndi zigamulo zimene tapereka tisanamve mlandu.

Harold Kelley, mu 1967, anafotokoza mafunso atatu amene munthu angagwiritse ntchito posiyanitsa vuto la munthu ndi vuto la malo amene ali. Ndawapeza othandiza kuposa maphunziro ambiri a utsogoleri. Tiwaone pa chitsanzo. Tinene kuti wosunga katundu wachedwetsa lipoti la kumapeto kwa mwezi katatu kotsatizana. Lipoti limayenera kufika pa 3, likufika pa 8 kapena pa 9. Bwana wafika kale pa chigamulo: wayamba kutayirira, afunika kalata ya chenjezo. Asanalembe kalatayo, afunse choyamba: kodi ena ogwira ntchito yomweyi akuchedwanso? Akafufuza n'kupeza kuti osunga katundu a nthambi zina ayambanso kuchedwa kuyambira pamene kampani inasintha pulogalamu ya pakompyuta, nkhani yasintha kale. Chachiwiri: kodi munthuyu amachedwa nthawi zonse, kapena zayamba posachedwa? Akatsegula mafayilo n'kuona kuti zaka ziwiri zapitazo lipoti linkafika pa 2 kapena pa 3 mwezi uliwonse, ndiye kuti pali chimene chasintha, ndipo munthu sasanduka waulesi mwezi umodzi. Chachitatu: kodi akulephera pa ntchito zake zonse, kapena pa iyi yokha? Ngati katundu akutuluka pa nthawi yake, mashelefu ali m'malo, makiyi sakusowa, koma lipoti lokha ndilo likuchedwa, vuto lili pa lipotilo. Mwina pulogalamu yatsopano imafuna manambala ochokera ku maakaunti amene amafika mochedwa. Kalata ya chenjezo sikanakonza chilichonse apa. Ikanangoswa mtima wa munthu amene akulimbana ndi chinthu chimene sanachiyambitse, ndipo lipoti likanapitiriza kuchedwa.

Mayankho akhozanso kutuluka mbali inayo: ena sakuchedwa, iye wakhala akuchedwa kuyambira kale, ndipo amachedwa pa zonse. Apo vuto lili kwa munthuyo, ndipo bwana asachite mantha kulinena. Komabe kudziwa kuti lili kwa iye sikunakuuzeni kuti ndi vuto lanji. Kusadziwa ntchito kumafuna maphunziro, matenda kapena mavuto akunyumba amafuna kukambirana kwina, kusafuna kugwira ntchito ndiko kumafuna chenjezo. Zitatuzi zimaoneka chimodzimodzi mukaziyang'ana muli pampando wanu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafunso atatu aja satenga ngakhale ola limodzi, koma amafuna kuti munthu adzigwire pamene mtima wapsa kale.

Pali msampha wina umene umaphunzitsa mabwana nkhanza popanda iwo kudziwa. Daniel Kahneman anauona pophunzitsa alangizi a oyendetsa ndege za nkhondo ku Israel. Alangiziwo ankati wophunzira akamuyamikira chifukwa chouluka bwino kwambiri, ulendo wotsatira amachita moipirapo, ndipo akamukalipira chifukwa chouluka moipa kwambiri, ulendo wotsatira amachita bwinopo. Choncho ankakhulupirira kuti kukalipa kumagwira ntchito, kuyamikira kumawononga. Chimene chinkachitika n'chakuti tsiku labwino kwambiri kapena loipa kwambiri limakhala ndi gawo la mwayi, ndipo tsiku lotsatira munthu amabwerera pafupi ndi mlingo wake wa masiku onse, kaya mwamukalipira kaya ayi. Wogulitsa amene mwezi uno wagwa kwambiri, kawirikawiri mwezi wotsatira amakwerako. Bwana amene anamukalipira amadzitama kuti mawu ake agwira ntchito, ndipo chaka ndi chaka amawonjezera kukalipa. Musaweruze munthu, kapena njira yanu yomuwongolera, potengera mwezi umodzi. Onani miyezi 6 kapena 12 pamodzi.

Choopsa kwambiri pa zonsezi n'chakuti kaonedwe ka bwana sikathera pafomu. Kamasintha ntchito yeniyeniyo. Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anasonyeza mu 1968 kuti ana amene aphunzitsi anauzidwa kuti achita bwino, ngakhale anasankhidwa mwa maere, anakweradi pamayeso kuposa anzawo. Dov Eden ndi Abraham Shani anapeza zofanana mu 1982 pakati pa asilikali ophunzira ku Israel. Mbali yoipa ya nkhaniyi anaifotokoza bwino Jean-François Manzoni ndi Jean-Louis Barsoux mu 1998, ndipo aliyense amene wakhalitsa muofesi aizindikira. Wantchito amalakwitsa chinthu chimodzi, kapena bwana wakale amamunenera mawu oipa pomupereka. Bwana watsopano amayamba kumuyang'anitsitsa: akufuna aone kalata iliyonse isanatumizidwe, akufuna lipoti tsiku ndi tsiku, ntchito zofunika akupatsa ena. Bwanayo amati akuthandiza. Wantchito amazindikira msanga kuti sakukhulupiriridwa. Amasiya kupereka maganizo pamsonkhano chifukwa sakumvedwa, amasiya kugamula zinthu payekha chifukwa chilichonse chimabwezedwa, amayamba kubisa mavuto ang'onoang'ono chifukwa akawatchula amakhala umboni womutsutsa. Bwana akaona zimenezi amati: mwaona, ndinanena ine, sayankhula, sachita kanthu popanda kuuzidwa. Amawonjezera kuyang'anitsitsa. Chaka chikamatha, munthu amene anali wantchito wabwinobwino wasandukadi wolephera, ndipo manambala otsika pafomu yake ndi oona. Chimene fomuyo siinena ndi amene anamufikitsa pamenepo.

Mukafuna kudziwa ngati muli mumsampha umenewu, dziyeseni pa zinthu zooneka. Ndani mwa anthu anu amene mumacheza naye zinthu zina kupatula ntchito? Ndani amene mumamufunsa maganizo, ndipo ndani amene mumangomuuza chochita? Ntchito zitatu zomaliza zopatsa munthu mwayi woonekera kwa akuluakulu munapatsa yani? Ngati mayina ndi omwewomwewo, muli ndi gulu la m'kati ndi gulu la kunja, ndipo antchito anu anadziwa kale amene ali kuti. Kawirikawiri a m'kati ndi amene amafanana nanu: anaphunzira zimene munaphunzira, amayankhula mmene mumayankhulira, amagwira ntchito mwa njira yanu.

Tsono chochita. Kudziwa mayina a misampha imeneyi pakokha sikuteteza munthu. Mabwana amachoka kumaphunziro atawaloweza, n'kukayamba kuwaona mwa anzawo okha. Chimene chimathandiza ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito younikayo kuti isadalire kukumbukira.

Khalani ndi kope, kapena fayilo pakompyuta, lokhala ndi tsamba la munthu aliyense. Lachisanu lililonse patulani mphindi 10 kapena 15 mulembe zimene zachitika sabata imeneyo. Njira imeneyi inachokera kwa John Flanagan, amene anaifotokoza mu 1954: kulemba zochitika zenizeni zosonyeza ntchito yabwino kapena yoipa. Cholemba chilichonse chikhale ndi zinthu zitatu, tsiku, chimene munthuyo anachita, ndi chimene chinatsatira. Musalembe kuti "ndi wamwano kwa makasitomala". Lembani kuti "pa 14 Malichi, kasitomala akufotokoza za katundu wosweka, anamudula mawu kawiri n'kumuuza kuti abwere mawa, kasitomala analemba dandaulo". Musalembenso kuti "ndi wakhama". Lembani kuti "pa 2 Juni anapeza kuti oda yalembedwa kawiri, anaimitsa malipiro isanadutse". Chiyeso chake ndi ichi: kodi munthu wina amene analipo angavomereze kuti zinachitikadi chonchi? Ngati angatsutse, mwalemba maganizo anu.

Kopeli limathetsa vuto la kukumbukira miyezi iwiri yomaliza yokha, limene antchito ochenjera amalidziwa bwino, n'chifukwa chake ena amalimbikira nthawi younika ikayandikira. Limakuuzaninso chinthu china chofunika. Mwezi ukatha, onani masamba. Tsamba la munthu likakhala lopanda kanthu, si kuti iye sanachite kanthu, inu ndi amene simunamuone. Pitani pamene amagwirira ntchito, werengani zimene watulutsa, funsani amene amalandira ntchito kuchokera m'manja mwake. Yesetsani kuti aliyense akhale ndi zolemba ziwiri pa mwezi.

Kope limeneli limawonongeka likasanduka buku la milandu. Bwana amalitsegula pokhapokha akapsa mtima, ndipo pakutha pa chaka muli zolakwa zokhazokha za anthu awiri amene sawakonda. Pamenepo mwangopatsa tsankho lanu mapepala. Werengani zabwino ndi zoipa pa tsamba lililonse. Tsamba la zoipa zokhazokha, kapena la zabwino zokhazokha, likukunenani inu. Ndipo chimene mwalemba chisakhale chinsinsi chodikira Disembala. Chinthu choipa munthu auzidwe sabata yomweyo, pamene akukumbukira ndipo angathe kufotokoza mbali yake, ndipo mbali yakeyo ilembedwenso.

Manambala a pafomu nawonso apatsidwe tanthauzo. Nambala 3 kwa bwana wina ndi "wachita bwino", kwa wina ndi "watsala pang'ono kulephera". Pali mabwana amene amapatsa aliyense 4 ndi 5 poopa mkangano, ena amaika onse pa 3 kuti asafunsidwe mafunso, ena sapereka 5 kwa munthu aliyense. Wantchito amapindula kapena kuluza chifukwa cha bwana amene anamugwera. Patricia Smith ndi Lorne Kendall anapereka njira yothetsera izi mu 1963: pa nambala iliyonse palembedwe chitsanzo cha zochita. Pa mzere wa malipoti, 2 akhale "lipoti limabwezedwa kawirikawiri kuti likonzedwe", 3 akhale "limafika pa tsiku lake, zolakwika n'zochepa", 5 akhale "limafika pa tsiku lake, lolondola, ndipo limatchula mavuto asanakule". Zitsanzozi zilembedwe pamodzi ndi anthu ogwira ntchitoyo chaka chisanayambe. Zikalembedwa muofesi ya akuluakulu okha, zimafotokoza ntchito imene palibe amene amaigwira.

Musanasaine fomu, chitani chinthu chimodzi chimene chimawawa pang'ono. Werengani ndemanga zanu mutaikapo dzina la munthu wina, makamaka amene mumamukonda. Ngati mwalemba kuti uyu "amakonda kutsutsa" chifukwa anakana maganizo anu pamsonkhano, kodi mnzake uja akanakana chimodzimodzi, simukanalemba kuti "ndi wolimba mtima, amanena zoona"? Khalidwe limodzi limalandira mayina awiri malinga ndi amene walichita, ndipo nthawi zambiri mzere wogawa umadutsa pakati pa amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata, akale ndi atsopano. Mukapeza kuti mawu asintha dzina litasintha, fufutani ndemangayo mulembe chimene chinachitika.

M'makampani ambiri mabwana amakumana kuti ayerekeze manambala awo asanaperekedwe. Msonkhano umenewu ndi wabwino ngati lamulo lake lili lakuti nambala iliyonse yapamwamba kapena yotsika kwambiri ibwere ndi zochitika ziwiri kapena zitatu zolembedwa. Umawonongeka wamkulu pa onse akayamba kuyankhula. Akangoti "uja ine sandisangalatsa", ena onse amatsitsa manambala awo, ndipo kaonedwe ka munthu mmodzi amene anakumana ndi wantchitoyo kawiri pachaka kapambana umboni wa chaka chonse. Aliyense alembe nambala yake payekha asanakambirane, ndipo wamkulu ayankhule pomaliza.

Pokambirana ndi wantchito mwini wake, mulole ayambe iye. Mufunseni atchule ntchito zitatu zimene akuona kuti anazichita bwino chaka chino, ndi chimodzi chimene chinamulepheretsa kuchita bwino koposa. Kawirikawiri pa zitatuzo pamakhala chimodzi chimene inu simunachidziwe n'komwe. Ngati chimene wanena n'chachikulu, musachite manyazi kubweza fomu kuti mukaionenso. Wantchito wofatsa amadzichepetsa, wodzitama amadzikweza, choncho mawu ake si chigamulo, ndi malo oti mukafufuze. Fomu isainidwe pakatha masiku awiri kapena atatu, mutayang'ana zimene wanenazo, osati pa tebulo pomwepo.